Mitsempha ya tsamba ndi mtima wa munthu

Mukayang'ana tsamba la tiyi padzuwa mumaona timitsempha tambirimbiri. Mu 2017 akatswiri a ku Worcester Polytechnic Institute ku America anatenga tsamba la sipinachi, nalitsuka ndi mankhwala mpaka maselo ake onse anachoka, n'kutsala chigoba ndi timitsempha take. Pachigobapo anadzalapo maselo a mtima wa munthu, ndipo maselowo anayamba kugunda. Anasankha tsamba chifukwa mnofu wa mtima wolimidwa m'labotale umafa ukangokhuthala pang'ono. Selo likatalikira mtsempha wa magazi kupitirira gawo limodzi mwa magawo asanu a milimita, mpweya sulifikira.

Kodi kumeneku n'kulanda ntchito ya Mulungu? Ine ndikuti ayi. Tsambalo sanalenge ndi iwo, angobwereka. Chimene Eklezia amakana, monga chikalata cha Dignitas Personae cha 2008 chinanenera, n'kuwononga mwana wongoumbika kumene kuti apezepo maselo. Koma kuchokera 2007, njira ya Shinya Yamanaka wa ku Japan imalola kutenga maselo a pakhungu la munthu wamkulu n'kuwasandutsa a mtima, osapha aliyense.

Chondisowetsa mtendere chili pafupi, m'maesiteti a tiyi ku Thyolo. Mwana wa mayi wothyola tiyi akadwala zilonda zapakhosi zoyamba ndi bakiteriya, osalandira penisilini, nthendayo ikhoza kudzawononga zitseko za mtima wake. Kuti isapitirire, amafunika jakisoni mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri. Jakisoniyo si wodula. Chodula ndi ulendo wa kuchipatala cha boma ku Thyolo kapena ku Malamulo, ndiponso tsiku limene mayi sanakathyole. Zitseko zikawonongeka pamafunika opaleshoni, ndipo ambiri amadikira nthawi yaitali kuti atumizidwe kunja, monga ku India. Chigamba cha m'labotale chija sichingam'pulumutse: achikonzera mnofu osati zitseko, ndiponso chidakali pa kafukufuku.

Sindikunyoza akatswiriwo. Vuto limene likuwasowetsa tulo, loti magazi afike ku selo lakutali, ndi lathunso, kungoti ife silitisowetsa tulo. M'tawuni muno timamwa tiyi yemweyo m'mawa uliwonse. Sabata ino pa mphakati tiyeni tifunsane: mwana wa wantchito wa pakhomo pathu, kapena wa m'bale wathu wakumudzi, akadandaula pakhosi n'kutentha thupi, ndani amam'tengera kuchipatala, ndipo ya minibasi amalipira ndani?