Kodi Unaona Ndiwe, Kapena Kamera Inakuonera?

Usiku wa pa 10 May 2024, anthu a ku Florida, ku Mexico ndi ku Puerto Rico anatuluka panja, mafoni ali m'manja, maso ali kumpoto. Thambo linali kuwala modabwitsa. Kuwala kumeneku, kochedwa aurora, kwao ndi kumaiko ozizira monga Norway ndi Canada. Tsono usiku umenewo kunatsikira kumadera otentha, kotero kuti ngakhale ku Namibia ndi ku South Africa ena anakujambula.

Gwero lace linali dzuwa. Linaponya mitambo ya tinthu tamagetsi kucokera pa banga lakuda loposa dziko lathu kukula kakhumi ndi kupitirira. Tinthuto tikafika kuno timagunda mpweya wa kumwamba, mpweyawo n'kuyamba kuwala. Namondwe wa mtundu umenewu wamphamvu cotere anali asanacitikenso ciyambire 2003. Mpweya wa oxygen ukagundidwa pamtunda wopitirira makilomita 200 umawala mofiira, ndipo munthu wa kutali amangoona nsonga yofiirayo.

Koma nkhani yanga ili apa, anzanga. Ambiri amene anaima panja anangoona ndi maso kamtambo kotuwa, konga utsi wa moto wolusa kutali. Atayang'ana pa foni, taonani thambo lonse psuu! Cifukwa cace n'cakuti mumdima diso la munthu silizindikira bwino mitundu, pomwe kamera imatsegula diso lace kwa masekondi angapo n'kumasonkhanitsa kuwala pang'ono-pang'ono.

Kodi cithunzi cotere ndi bodza? Ine ndikuti iai. Kufiirako kunalipo ndithu, kamera sinakupeke. Mulungu analenga zambiri zimene diso lathu silifikira, ndipo cida cotithandiza kuziona n'coyamika. Bodza limalowera pakamwa pa mwini cithunzi, pamene atumiza kwa anzace nalemba kuti, "Onani zimene ndaona!" Sanazione. Inaona ndi kamera. Ena amaonjezeranso dala mitundu kuti cithunzi cikome. Za iwowo sindicita kunena zambiri, pakuti mlandu wao uli poyera.

Wina adzati, "Aa, kanthu kakang'ono aka n'kudandaula nako?" Taganizani za mnzace amene walandira cithunzico. Athamangira panja, ayang'ana, aona kotuwa cabe. Abwerera m'nyumba ali khuma, akuti mwina wacedwa, mwina maso ace ndi ofooka. Iye anaona zomwezo zimene anaona wojambulayo, koma wacoka akudziyesa womanidwa. Lamulo loletsa umboni wonama timaliganizira m'bwalo la milandu mokha, comwe munthu uyu walakwiridwa pabwalo pa nyumba yace.

Kodi sitimacita zomwezi pa misonkhano yathu ya acinyamata? Mnyamata aimirira kupereka umboni. Zoona zace anapemphera miyezi yambiri mtima uli gwa, osamva kanthu, ndipo thandizo linadza mwakacetecete. Analizindikira pambuyo pace poyang'ana m'mbuyo. Koma pofotokoza aunjika miyezi yonseyo mu usiku umodzi wa misozi ndi moto. Zimene Mulungu anacita n'zoona, monga kufiira kuja. Koma mtsikana wakhala kumbuyo, amene mapemphero ace akali otuwa, apita kwao akuti Mulungu amalankhula ndi ena okha. Ndikuvomera, inenso ndinakometsapo umboni wotere, cifukwa "Ameni" wa mpingo amakoma m'makutu.

Wojambula woona mtima akanalemba kuti: "Ndi maso ndinaona kotuwa, foni ndiyo yaonetsa kufiiraku." Cithunzi sicikanacepa ulemerero. Ndipo akanatha kum'langiza mnzaceyo zothandiza: coka pamene pali magetsi, ika foni m'thumba pakuti kuwala kwace kumacititsa khungu, ukhale mumdima mphindi 20 kapena 30 kuti maso azolowere, kenaka uyang'anenso.