Kodi Thukuta la Wogonja Limapita Pachabe?

Mumzinda wa Tokyo, ku Japan, muli masukulu aukachenjede asanu ndi imodzi amene akhala akupikisana pa masewera a baseball kuyambira chaka cha 1925. Maina ake ndi Waseda, Keio, Meiji, Hosei, Rikkyo, ndi Yunivesite ya Tokyo imene eni dziko amaitcha Todai. Kwa inu owerenga amene simunawaone masewerawa, amatere: wina aponya kampira kolimba, wina akamenya ndi chibonga, nathamanga kuzungulira bwalo anzake asanakabweze. Mpikisanowu umachitika kawiri pa chaka pa bwalo la Meiji Jingu.

Tsono mwa masukuluwa ilipo imodzi imene sinatengepo ukatswiri chiyambire, ndiyo Todai. Pamene inafikapo patali ndi mu 1946, pokhala yachiwiri. Chifukwa chake sichobisika ayi. Masukulu enawo amalandira anyamata amene anamveka kale pa mpira ali kusekondale, koma pa Todai mnyamata angakhale aziponya mpira ngati mphenzi, akalephera mayeso olowera, amene ali ovuta ndithu, khomo silimtsegukira.

Mu Okutobala 2010 Todai inagonjetsa Waseda. Itatero inagonja masewera 94 osalawako chipambano, kufikira pa 23 Meyi 2015 pamene inapambana Hosei 6 kwa 4. Anthu anakondwera, ndipo kunali koyenera. Koma ife mtima wathu uli pa ena amene sanalinso m'gululo tsiku limenelo. Tawerengani zakazo. Maphunziro a pa yunivesite atenga zaka zinayi. Anyamata amene analowa mu Epulo 2011 anatuluka mu Malichi 2015, kutatsala miyezi iwiri kuti chipambano chifike. Zaka zinayi zathunthu anavala malaya a gulu lawo, nachoka osadziwa kukoma kwa kupambana ngakhale kamodzi. Kodi thukuta lawo linapita pachabe?

Munthu wanzeru angathe kuyankha kuti inde, ndipo tisafulumire kumtsutsa. Kuuma mutu si ukoma. Mlimi wolima pathanthwe chaka ndi chaka sitimtama, timamlangiza kuti akafune dothi. Ena pofuna kuwatonthoza anyamatawa anganene kuti ankangosewera kuti asangalale, kupambana analibe nako kanthu. Mawu otere ife tiwakana, pakuti awachotsera ulemu umene ali nawo. Munthu wolowa m'bwalo wosafuna kupambana anyoza mnzake amene wabwera kudzalimbana naye. Iwo ankafuna, sanapeze, ndipo kusowa kumeneko kunawawa, tisakupake uchi.

Enanso anganene kuti opambana a mu 2015 anaphunzira kwa akulu awo aja, chotero ntchitoyo inabala. Ndi zoona, koma kuyankha kotere kukuyesabe munthu ndi muyeso wa chipambano, kungoti chipambanocho chasamukira kwa wina. Nanga Hosei ikadapambana tsiku lija, kodi anyamata aja akadasanduka zitsiru?

Ife tiganiza kuti fanizo la mlimi likutisokeretsa. Mlimi alimira chimanga chokha, ndipo chikapanda kumera wataya zonse. Mpikisano uli ndi china. Kuti ukhalepo pafunika mbali ziwiri zobwera ndi mtima wonse, ngakhale yopambana idzakhala imodzi. Chimene anyamata aja anali nacho m'manja mwawo chinali kukonzeka mokhulupirika, kufika pa tsiku lake, ndi kuponya mpira wa masewera a 80 ndi khama lomwe lija la masewera oyamba, podziwa bwino lomwe zimene anthu akuyembekeza kuona. Ichi anachichita, ndipo chinatha kuchitika pa tsiku lomwelo, chosadikira chigamulo cha mawa. Kupambana kunali m'manja mwa ambiri, adani awo omwe.

Adaniwo nawonso tisawaiwale. M'mipikisano ina ya ku Japan gulu lotsiriza limatsitsidwa, koma mumpikisano uwu mulibe lamulo lotero, ndipo Todai ikhalabe pamalo pake. Komanso asanu aja sanaipatse chipambano cha chifundo. Zikadakhala zapafupi kungoilekerera kamodzi kuti manyazi athe, masewera atafika 50 kapena 70. Akadatero, akadaba chinthu chokhacho chimene wofooka angathe kunyadira, ndicho kudziwa kuti pamene anapambana anapambanadi. Kuumira kwawoko kunali ulemu, ngakhale wogonjayo sakadaumva kukoma pa nthawiyo.

Mu 2017, mothandizidwa ndi woponya mpira wawo Kohei Miyadai, a Todai anagonjetsa Hosei kawiri motsatana, chinthu chimene anali asanachitire gulu lililonse kwa zaka 20. Pambuyo pake anagonjanso masewera 64, ndipo anadzapambana pa 23 Meyi 2021, tsiku lomwe lija la pa kalendala, mdani wake Hosei yemweyo, 2 kwa 0.