Kodi Nkhawa Imathera Kuti?

Palibe munthu pansi pano amene sadadepo nkhawa. Mlimi amada nkhawa mvula ikachedwa, ndipo wophunzira mtima umamugunda mayeso akayandikira. Nkhawa yotere njabwino chifukwa imamudzutsa munthu kuti agwire khasu kapena buku. Koma pali nkhawa ina yosatha, imene imamutsata munthu usana ndi usiku. Imeneyi kawirikawiri imatsegulira khomo matenda a kukhumudwa.

Matenda awiriwa ali ngati mwana ndi mayi wake. Wankhawa amati, "Zinthu zingaipe mawa." Wokhumudwa amati, "Zaipa kale, ndipo palibe chingakonzeke." Munthu akakhala ndi mantha nthawi yaitali, thupi lake limakhala tcheru ngati la gwape wothamangitsidwa ndi agalu. Tulo timasowa, chakudya sichikoma, ndipo amayamba kuzemba anzake. Potsiriza mphamvu zimatha, chiyembekezo nacho n'kuzima.

Ndikukumbukira mnyamata wina wa Folomu 4 amene ndidamuphunzitsa. Bambo ake adagulitsa mbuzi zawo zonse kuti amulipirire fizi, motero iye ankaopa kulephera koposa imfa. Poyamba ankachezera kuwerenga pa koloboyi mpaka tambala kulira. Patapita miyezi adasiya kuwerenga, adasiya kuseka, nayamba kumangogona pa desiki. Ife aphunzitsi tidamutcha mlesi ndipo tidamupatsa chibalo chotchetcha udzu. Adachoka pasukulu mayeso asanafike. Mpaka lero chikumbumtima chimandifunsa: kodi wolakwa adali iye kapena ife?

Munthu wodwala malungo sitimudzudzula, koma timathamangira naye kuchipatala. Nanga n'chifukwa chiyani wodwala maganizo timamuuza kuti "mwamuna salira"? Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidapeza kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 301 miliyoni adali ndi matenda a nkhawa, pamene 280 miliyoni adali ndi matenda a kukhumudwa. Anthu ochuluka chotere sangakhale alesi onse.

Chithandizo chilipo, monga ku chipatala cha odwala maganizo ku Zomba ndi ku St John of God ku Mzuzu. Komabe chithandizo choyamba ndi khutu lomvetsera. Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda adayambitsa ntchito yophunzitsa agogo kukhala pa benchi ndi kumvetsera anthu ovutika ndi maganizo, ndipo ambiri adapeza bwino. Agogowo sadali madokotala. Adangopereka nthawi ndi chifundo.

Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Choncho mukaona mnzanu wayamba kusowa tulo ndi kukhala yekhayekha, musadikire kuti nkhawa yake ibale kutaya mtima. Khalani naye pansi, mufunseni modekha, ndipo zikapitirira muperekezeni kuchipatala. Moto umazimitsidwa ukadali pa tsekera limodzi, usanagwire denga.