Akaputeni, Maola Anu Sanapume

Lamulo la ICAO, bungwe loyang'anira maulendo a ndege pa dziko lonse, silinyengerera munthu: ukakwanitsa zaka 65, mpando woyendetsa ndege ya pasenjala yodutsa malire a mayiko umausiya. Dzulo munali kaputeni, mizere inayi paphewa. Lero muli pakhonde, kaya ku Nkope, kaya ku Namiyasi, khutu litatchera kumwamba, ndipo mukutha kutchula mtundu wa ndege pongomva kulira kwa injini.

Ena simunadikire n'komwe zaka 65. Air Malawi, imene inabadwa mu 1964, inayamba kuthetsedwa mu 2012, ndipo anthu amene anathera unyamata wawo mu Boeing 737 ndi ATR 42 anapezeka akulembanso makalata ofunsira ntchito. Malawian Airlines itayamba kuuluka mu 2014, boma lili ndi magawo 51 pa 100 ndipo Ethiopian Airlines ili ndi 49, ndege zake zinali zowerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Mipando inachepa, ofuna kukhalapo sanachepe.

Ndiye taonani amene aima pa mzere umodzi. Kuno bambo wa imvi, buku lake la maola latupa ngati kaundula wa mpingo. Uko mnyamata amene wangobwera kumene kuchokera ku South Africa ndi maola 200 ofunika pa laisensi ya CPL, makolo ake atagulitsa puloti kuti akaphunzire. Kuti adzafike pa laisensi ya ukaputeni, ya ATPL, akufunika maola 1,500, koma maolawo sangawapeze popanda womulemba ntchito. Onse awiri akuuzidwa mawu amodzimodzi: bwerani ndi type rating. Chiphaso chimenechi n'cha mtundu umodzi wokha wa ndege. Wodziwa 737 sangangodumphira mu Q400. Ayenera kukakhala mu simulator ku Addis Ababa kapena ku Johannesburg, ndipo ngati kampani siimulipirira, m'thumba mwake mutuluke madola zikwi zambirimbiri. Madola, osati makwacha. Amene anali kusonkha ndalama mu November 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, akudziwa kuwawa kwake.

Inu akuluakulu, ndikulankhula nanu mwaulemu wonse: musathire penshoni yanu yonse m'chiphaso chimene mudzachigwiritse ntchito zaka ziwiri kapena zitatu, uku dokotala akukuyezani miyezi isanu ndi umodzi iliyonse chifukwa mwadutsa zaka 60. Werengerani bwino ndi amayi kunyumba. Ngati masamu akukwana, pitani, kalimbaneni, palibe wokuletsani. Koma ngati sakukwana, musaganize kuti mwatha. Mwatha bwanji? Lamulo lakuchotsani pampando wakumanzere wa kaputeni, silinakuchotsereni zimene zili m'mutu. Simulator siifunsa zaka. Kalasi ya zanyengo, ya malamulo a mlengalenga, ya kawerengedwe ka mafuta ndi kulemera kwa katundu, siifunsa zaka. Ofesi yoyendera ndege ndi kuyesa oyendetsa ikufuna munthu amene anaonapo mphezi ili pafupi ndi phiko.

Tonse tikukumbukira pa 10 June 2024, pamene ndege ya Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa ndi kutilanda Wachiwiri kwa Pulezidenti Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu. Akatswiri odzafufuza anachokera ku Germany. Tinawathokoza, ndipo n'koyenera. Koma dziko limene likufuna kuuluka liyenera kukhala ndi ake okhwima pa nkhani za chitetezo cha ndege, ndipo okhwimawo ndinu. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, nanga moto ukabuka dambolo lili phee pakhonde, tithawire kuti?

Kunyanja kuno nkhani ya ndege si yachilendo. Mu 1949 ndege za BOAC zotera pamadzi, za mtundu wa Solent, zinkaima ku Cape Maclear pa ulendo wochokera ku Southampton kupita ku Johannesburg. Agogo a ku Chembe anaziona zikung'amba madzi kufupi ndi mabwato awo. Sizinakhalitse, patangopita chaka zinasiya. Lero kabwalo ka ku Makokola kamalandira tindege tating'ono ta alendo, ndipo ana amathamangira kumpanda kukaona fumbi likukwera. Zaka zonsezi mwana wa kuno wakhala woonerera. Ndani adzamuuze kuti chitseko chakutsogolo chija nachonso chimatsegukira iye?

Asodzi athu anazindikira kale. Siginala, mtsogoleri wa asodzi panyanja, akakalamba, maso atayamba kuchita chidima, samutaya. Amakhala pagombe madzulo alovi akukonza chilimira ndi nyali, n'kuyang'ana mitambo ya ku Malindi, n'kunena kuti lero mwera ubwera usiku, musapite kutali. Salimbirana bwato ndi mdzukulu wake, koma mdzukuluyo amabwerako wamoyo chifukwa cha mawu ake. Kaputeni wopuma, malo anu ndi amenewo, ndipo si malo apansi.

Tsopano inu achinyamata, anyamata ndi atsikana a ku Monkey Bay, ku Makawa, ku Malindi, ku Mangochi boma. Musaope mzere wa ofuna ntchito uja. Yolanda Kaunda anauima, anakaphunzira ku South Africa, nakhala kaputeni woyamba wamkazi m'Malawi. Mu March 2017 iye ndi Lusekelo Mwenifumbo anaulutsa ndege ya Malawian Airlines kuchoka ku Blantyre mpaka ku Dar es Salaam, kutsogolo kuli amayi okhaokha. Ndi ana a dziko lomweli, masamu ake ndi omwewa amene mukuwathawa m'kalasi.

Koma lowani maso ali gwa. Musanalipire tambala ku sukulu iliyonse, kayezetseni kaye kwa dokotala wovomerezeka kuti mupeze chiphaso cha Class 1, chifukwa diso losasiyanitsa mitundu kapena mtima wovuta zikhoza kukubwezani ndalama zitapita kale. Funsani ngati sukuluyo ili ndi chilolezo cha boma la dziko lake. Musapereke fizi yonse kamodzi, lipirani pang'onopang'ono molingana ndi maola amene mwauluka, poti sukulu za ndege zimagwa, ndipo zikagwa zimagwa ndi ndalama za ophunzira. Wina akakuuzani kuti mumulipire kuti muyendetse ndege yake yonyamula anthu olipira, kanani. Ameneyo akukugulitsani thukuta lanu lomwe. Ndipo njira si imodzi: asilikali ali ndi nthambi ya ndege ku Zomba, pomwe African Drone and Data Academy, imene inatsegulidwa ku Lilongwe mu 2020, yaphunzitsa achinyamata kuulutsa ma drone. Amene wayamba kuwerenga mphepo ndi mapu kumeneko sanataye nthawi.

Bambo wa imvi uja si mdani wanu. Mufuneni, mugwadireni, mumufunse mmene amatererera mphepo ikuwomba cham'mbali, sukulu zimene amazikhulupirira, makampani amene amalipirira type rating n'kumadula pa malipiro. Ola limodzi naye likhoza kupulumutsa puloti ya makolo anu.

Ndipo inu akaputeni, musadikire kalata yokuitanani. Sitani malaya oyera aja, bwezerani mizere paphewa, tengani buku lanu la maola ndi mapu akale. Lolemba likubwerali kagogodeni pa ofesi ya ahedi ku Lisumbwi, ku Mangochi Secondary kapena ku St Michael's ku Malindi, mukapemphe ola limodzi ndi ana a Fomu 3. Kawatsegulireni tsamba la tsiku limene munauluka nokha koyamba, muwauze ndalama zimene zinapita ndi amene anakuthandizani. Mukamatuluka, lembani maina a atatu amene akutsatireni mpaka pageti, ndipo sabata yamawa muyambe nawo masamu.