Manyazi a mthiko acokela kuti?

Mukamayenda mu Lusaka nthawi ya cakudya ca masana, welengani anthu amene aimilila pamoto. Woocha michopo pamsika ndi mwamuna. Wokazinga chipisi pa siteshoni ya mabasi ndi mwamuna. Kumasukulu ogonela komweko, amene amavundula nsima ya ana mazanamazana ndi mthiko wautali ngati nkhafi, kambili ndi amuna. Palibe amawaseka. Koma mmodzi wa iwo akafika kunyumba ku Chawama, n'kutenga kamthiko kuti aphikile mkazi wake, aneba amayamba kukodolana: "Uja anamudyetsa." Ena amati ali pansi pa boma la pitikoti.

Timakonda kunena kuti ndiwo mwambo wathu, kuti mwamuna sagwila mphika. Koma mbili ya tauni ino ikamba zina. Lusaka itakhala likulu mu 1935, amuna ambili a ku Fort Jameson, imene lelo ndi Chipata, ndi a ku Petauke ndi Katete anabwela kudzafuna nchito. Ena anapitilila kumigodi ya Broken Hill ndi Nkana, ena anaoloka Zambezi mpaka ku Salisbury. Boma la atsamunda linali kufuna manja a amuna, osati mabanja ao, conco ambili anali kusiya akazi kumudzi. Nanga ndani anali kuwaphikila m'komboni? Anali kudziphikila okha. Ndipo nchito imodzi imene inali kupezeka msanga inali ya ukuki m'nyumba ya mzungu. Agogo athu anali kuphika buledi, supu ndi nyama ya mu uvuni, dona ali khale pakhonde. Akabwelela kumudzi, anthu omwewo anali kukhala pansi pa mtengo kuyembekezela madzi osamba m'manja.

Ndiye kuti manyazi sali mu mthiko. Mwamuna angaphike ngati amulipila, angaphike ngati ali yekha, angaphikile bwana. Cimene timakana ndi cakuti aphikile munthu amene tinaphunzitsidwa kuti ali pansi pake. Funso la kicheni ndi funso lakuti ndani ayenela kutumikila mnzake, ndipo n'cifukwa cake limatentha kuposa mbaula.

Ine ndinaphunzila kuphika ndili ndi zaka 32, mkazi wanga atapeza nchito yoweluka usiku. Mphunzitsi anali iye mwini. Kuphunzila uli wamkulu kumawawa mwa njila yake. Mtsikana amayamba ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, pakamphika ka ana, ndipo nsima ikacita mibulu amai ake amangoseka. Iwe uli ndi ndevu, ulipila lendi, koma uyenela kuima cete munthu akuuza kuti phala likalibe kupsa, yembekeza, usathile unga wonse nthawi imodzi, thyakula ndi dzanja lonse osati cala cabe. Uyenela kuphunzila kusadzula cibwabwa, kutsuka kapenta m'madzi ofunda kuti mcenga utsale pansi, kudziwa kuti nsinjilo zimapselela ukatembenuka pang'ono cabe. Kwa miyezi ingapo, m'cipinda cimodzi ca nyumba yako, ndiwe mwana. Ndikhulupilila kuti amuna ambili saopa utsi. Aopa zimenezi.

Koma cimene cinandidabwitsa kwambili si luso la manja. Nsima, munthu akalimbikila, amaidziwa m'milungu iwili. Colemela ndi maganizo amene amayamba mphika usanafike pamoto. Tidya ciani lelo? Unga watsala wa masiku angati? Tigule thumba kapena tipitilize ndi pamela mpaka malipilo? Nyemba za kabulangeti n'zochipa pa mbale, koma zimadya malasha ambili, ndiye kodi n'zochipadi? Mwana wamng'ono sakonda impwa, mlendo wabwela osalaila, tomato wakwela mtengo. Masamu amenewa sapuma Sabata. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, magetsi anali kupita mpaka maola 21 pa tsiku. M'nyumba zambili za m'komboni, magetsi akabwela pakati pa usiku, panali munthu amene anali kudzuka kuteleka nyemba ndi kuwilitsa madzi ena onse ali m'tulo. Tonse tidziwa kuti munthuyo kambili anali ndani.

Apa m'pamene nkhaniyi imakhala ya cilungamo. Munthu angadye katatu pa tsiku kwa zaka makumi awili osadziwa mtengo weniweni wa mbale imene ili patsogolo pake. Angakambe kuti zikomo, koma zikomo yake ndi ya munthu amene sanaone lisiti. Angadandaule kuti ndiwo zacepa, osadziwa kuti wina anadya msuzi cabe kuti iye apeze nthuli. Sindinena kuti ndi woipa mtima. Ndinena kuti pali mbali yaikulu ya moyo wa munthu amene agona naye bedi imodzi imene saidziwa, ndipo anasankha kusaidziwa. N'cifukwa cake liu lakuti "kuthandiza" limandivuta. Wothandiza amayembekezela kutumidwa, amaduladula anyezi, n'kubwelela ku mpila. Mutu umene uwelenga masiku a unga ukhalabe umodzi.

Pali zotsutsa zimene sindingazikankhile pambali. Akazi ambili safuna mwamuna m'kicheni, ndipo ali ndi zifukwa. Tonse tinamvako za mwamuna amene amavundukula mphika kuti awelenge nthuli za nkhuku, amene amaika cizindikilo pa botolo la saladi. Kwa amai athu ambili, kicheni anali malo okhawo amene mau ao anali omaliza. Mwamuna akalowamo ngati kapitao, walanda kamunda kotsala. Kulowa ngati wophunzila n'kosiyana, koma kunja kwa windo zonse zimaoneka cimodzimodzi.

Cina cowawa n'cakuti mlandu sugwela wophikayo. Tsiku la cilanga mulilo, abale a mkazi amanyamula mbale pamutu, ng'oma zikulila, kukaonetsa mkamwini zakudya zimene adzadya m'nyumba yake. Alangizi amakhala ataphunzitsa mtsikana kuti mimba ya mwamuna ili m'manja mwake. Ndiye apongozi akafika n'kupeza mwana wao ali pa mbaula, sanena kuti mwana wathu ndi wacifundo. Amanena kuti mkazi uyu sanalangidwe. Mwamuna amalandila citamando kwa anzake a pa Facebook, mkazi amalandila dzina la ulesi kwa azilamu. Ngati mwamuna afunadi kugawana nchito, ayenela kusenzanso mau amenewa. Kuyankha amai ake ndi nchito yake, osati ya mkazi wake.

Amai anga atabwela kucokela ku Katete kudzaona adzukulu, mkazi wanga anandipempha kuti kwa mlungu umodzi ndisiye mphika, tipewe nkhani. Ndinamumvetsa. Koma tsiku lacitatu anacedwa kunchito, ana anali ndi njala, ndipo ndinauza amai kuti, "Amai, khalani pansi, lelo mudya za m'manja mwanga." Anakhala pa mpando pafupi ndi citseko, citenje ali cikulungile, osakamba kanthu. Anandiyang'ana ndikusonkha mbaula, ndikuthila unga, ndikuomola nsima ndi cipande. Anatema nthongo yoyamba, naikanda nthawi yaitali monga acita munthu wofuna colakwa.

"Mcele wacepa mu cibwabwa," anatelo.

Anadya mpaka kutha. Posamba m'manja anakamba nkhani imene sindinaimvepo. Anati malemu atate, asanakwatile, anagwilako nchito ya ukuki ku Kabwe zaka zinai, ndipo anzao anali kunena kuti nkhuku yao inalibe inzake. "Ndinakhala nao zaka 38," anatelo amai, akupukuta zala pa citenje. "Sindinailaweko."