Kodi Litsiro Limatha Kapena Limangosamuka?

Anthu ochokera kumanda amasamba m'manja asanalowe pakhomo, Msilamu amachita wudhu, komwe ndi kusamba kokonzekera pemphero, ndipo mipingo ina imabatiza anthu ake mumtsinje. Miyambo yonseyi yatsamira pa chikhulupiriro chakuti madzi amanyamula chodetsa n'kupita nacho kutali, koma kawirikawiri sipafunsidwa kuti kutaliko n'kuti. Mu Blantyre yankho lake lili ndi mayina, pakuti madzi otayidwa m'makomo a ku Ndirande amatsikira m'mitsinje ya Nasolo ndi Mudi, kenaka n'kulowera ku Shire.

Chiyambire mliri wa Covid-19 mu 2020 ndi kolera ya mu 2022 ndi 2023, ukhondo wasanduka nkhani ya moyo ndi imfa, ndipo palibe wanzeru amene angatsutse zimenezo. Vuto ndi lakuti choyeretsa nachonso chimatsala. Mankhwala ena ophera tizilombo, monga benzalkonium chloride, ali m'gulu la ma surfactant, kutanthauza mankhwala amene mbali imodzi imagwira mafuta pamene ina imagwira madzi, ndipo chifukwa cha mphamvu yamagetsi imene ali nayo amakakamira ku dongo ndi ku zinyalala zowola za pansi pa mtsinje. N'chifukwa chake woyeza ukhondo wa mtsinje satunga madzi okha ayi, koma amatapanso matope, n'kuwatsuka ndi methanol kuti mankhwalawo amasuke, asanawapime ndi makina otha kuzindikira ngakhale gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu. Mankhwalawa ndi okakamira kotero kuti ena amatsalira m'botolo momwe munatungidwira madziwo, ndipo woyeza wosasamala angalengeze kuti mtsinje ndi woyera pamene umboni wamatirira ku chiwiya chake.

Apa sayansi ikukhudza funso limene azaumulungu akhala akulimbana nalo, lakuti kaya tchimo likakhululukidwa zotsatira zake zimafafanizika nalo limodzi. Madzi oyenda amafanana ndi chikumbumtima chimene chapepukidwa msanga, pamene matope amasunga mlandu mwakachetechete. Mayi wa ku Ndirande amene watsuka chimbudzi wachita bwino, ndipo kumuimba mlandu kungakhale kupanda chilungamo. Komabe chotsalira cha ukhondo wake chimafika kwa wokumba mchenga ndi mlimi wa dimba wa kumunsi, amene sanafunsidwe, makamaka mvula yoyamba ikavundula matope amene anadikha chilimwe chonse.