NCHITO YOSACHULIDWA

Werengani Ahebri 6:10.

Pa 2 May 1953, ku Wembley m'mzinda wa London, kunacitika masewera otsiriza olimbirana cikho ca mpira ca dziko la England. A Bolton anali patsogolo ndi zigoli 3 kwa 1, koma a Blackpool sanafoke, napambana 4 kwa 3. Mwa zigoli zinaizo, zitatu anamwetsa Stan Mortensen. Koma kufikira lero anthu amacha masewerawo ndi dzina la mnzace, Stanley Matthews, amene sanamwetse ngakhale cimodzi. Matthews anasewera bwino ndithu, sitikana ai. Koma nanga Mortensen?

Momwemonso mu mpingo mwathu. Tsiku lotsegula nyumba ya Mulungu yatsopano, achula abusa ndi amfumu; mai amene anatunga madzi oumbira njerwa cirimwe conse akhala kumbuyo pamkeka. Ena pamenepo mtima uwawawa, naleka kudza kumapemphero. Kodi madziwo munasenzera yani, amai? Mulungu anawerenga mtsuko uli wonse, ndipo Iye saiwala. Bwerani, denga lifuna udzu mvula isanagwe.